Malata Atatu a Wilbert Kwenda

Mukafika ku Tembisa n'kufunsa za a Wilbert Kwenda, palibe amene angakuuzeni za maluwa, chonsecho munthuyo watha zaka zambiri akulima maluwa a madamu wina ku Bedfordview, ndipo pa ntchito imeneyo alibe mnzake. Anthu amayamba aseka kaye, kenako n'kufunsa kuti, "Mukunena a malata aja?" Dzikoli n'losayamika. Ungagwire ntchito yabwino moyo wako wonse, anthu adzakukumbukira ndi sabata imodzi yokha imene unapusa.

A Wilbert anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, kufupi ndi Banket. Bambo awo, a Dafuleni Kwenda, anachoka ku Dedza wapansi mu 1958 ndipo sanabwererenso, sanalembe kalata, sanasiye ngakhale chithunzi. Amayi awo, amene mwa mwambo ndiwo akanawapatsa mudzi, anabadwira pafamu pomwepo, ndipo nawonso kwawo sankakudziwa. Chimene a Dafuleni anasiyira mwana wawo ndi Chichewa chakale, chija chimene anthu a m'tauni akachimva amatembenuka, komanso malamulo a ulemu okwana kudzaza ngolo. Mpaka lero a Wilbert akalandira foni ya munthu wamkulu amavula chipewa, ndipo kapu ya madzi amailandira ndi manja awiri ngakhale kwa mwana.

Ku Zimbabwe ankatchedwa munthu wa ku Nyasaland. Atafika ku Joni mu 2008, Amalawi ankawatcha Mzimbabwe. Ndiye funso lija limene anthu amafunsana mosavuta mu takisi, lakuti "kwanu n'kuti," kwa iwo linali munga m'phazi. Ankaliyankha ndi kutsokomola ngati agwidwa chifuwa, kapena ankayamba kukamba za mvula. Chimene chinkawadya m'kati, ngakhale sankachinena, n'chakuti tsiku lawo likadzakwana, anzawo a kutchalitchi bokosi adzalilozetsa kuti.

Pa malamulo onse a bambo awo, lalikulu linali la apongozi. "Mkamwini woleredwa sayang'ana apongozi ake kumaso," ankatero a Dafuleni akusanja fodya. "Sadya nawo, sayankhula nawo maso ndi maso. Akawaona akubwera panjira, amapatuka n'kulowa kutchire." A Wilbert anasunga mawuwa ngati chiphaso, popeza chiphaso china cha ku Malawi analibe. Kwa zaka zambiri lamuloli silinawavutitse chifukwa analibe mkazi. Atafunsira Colleta, mayi wa ku Lilongwe amene ankasoka zovala mumsewu womwewo, anachita kubwereka mkulu wa mpingo kuti awaimirire ngati nkhoswe, ndipo mbali ya kuchikazi anayendetsa zonse ndi achimwene a Colleta a ku Kempton Park. Apongozi enieniwo anali kutali, masiku awiri pa basi, choncho a Wilbert ankawalemekeza mosavuta.

Kompyuta inabwera mu 2011. Madamu atagula ina yopyapyala, anawauza kuti yakaleyo akaitaye, ndipo iwo anakaitaya m'chipinda mwawo. Chinali chibokosi chotuwa, cholemera ngati thumba la simenti, ndipo chikayatsidwa chinkayamba chalira kaye ngati chigayo. Munthu unkatha kuwiritsa tiyi, kumwa, n'kutsuka kapu chisanadzuke. Anachiika patebulo pazenera penipeni n'kuchivundikira ndi nsalu yoluka.

Intaneti ankaipeza kwa Sefu, bambo wa ku Mangochi amene anali ndi kontena pageti la bwalo la nyumba za lendi limene a Wilbert ankakhala, mokonzera mafoni ndi kupanga mafotokope. Khomo la kontenalo linayang'ana kumsewu, koma kabokosi ka wayifayi, kamene Sefu ankakatcha rauta, kanapachikidwa pa kazenera kakumbuyo koyang'ana m'bwalo. Kuchokera pamenepo kufika pazenera la a Wilbert panalibe chotchinga, kupatula chingwe choyanikapo zovala. Timizere tosonyeza mphamvu ya netiweki tinkadzaza tonse tinayi pakona ya sikirini.

Ndi chala chimodzi a Wilbert anaphunzira kulemba. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankatumiza uthenga womwewo m'magulu a anthu a ku Dedza pa Fesibuku, kuti akufuna abale a Dafuleni Kwenda amene anapita ku Halale kalekale. Anatero zaka zitatu. Amene ankayankha anali ogulitsa mbatata ndi aneneri.

Mu 2014 Colleta anabereka mwana wamkazi, Danai, ndipo amayi ake, a Stella, anakwera basi kudzaona mdzukulu. A Stella sanali apongozi aja ankawanena a Dafuleni. Anali mayi wogulitsa kaunjika mumsika, wa mawu omveka tsidya lina la msewu, magalasi akuda pamphumi, foni yaikulu ngati mbale m'manja. Atangotsika takisi pageti anatambasula dzanja.

"Ndinu bambo a Danai inu? Muli bwanji, bambo? Ndakhala ndikufuna kukufunsani, kodi kwanu kwenikweni n'kuti?"

A Wilbert anaponya chikwama pansi n'kuyamba kuyang'ana tchire. Ku Tembisa kulibe tchire. Analowa m'chimbudzi, n'kukhalamo mpaka mzere wa anthu a m'bwalomo utafika pampopi.

Anali atawapezera apongoziwo chipinda choyandikana ndi chawo, cha mbali ya kugeti. Vuto linali lakuti a Stella ankakonda kukhala pakhomo pawo kuothera dzuwa ndi foni yawo, ndipo a Wilbert akangotsegula chitseko kapena katani, maso ankagundana. Masiku anayi munthu wamkulu anatuluka m'nyumba yake chafutambuyo. Tsiku lachisanu anagwera mu ndowa ya eni nyumba, ndipo Loweruka lake anapita ku Brakpan kogulitsa zitsulo zakale n'kubwerako ndi malata atatu, mapaipi anayi ndi theka la thumba la simenti. Pofika madzulo panali pataima mpanda wotchinga khomo ndi zenera lawo, wautali kupitirira mutu wa munthu. A Wilbert sadziwa kugwira ntchito yachinyengo. Mpandawo ukanatha kuimitsa ng'ombe.

"Bambo a Danai, zimenezi kwathu zinatha kalekale," anatero Colleta. "Amayi akufunsa ngati akununkha."

"Amake Danai, inu muli ndi kwanu, mukhoza kutaya zina n'kutsala ndi zina. Ine za ku Malawi zimene ndili nazo ndi zomwezi."

Colleta anamva chisoni, n'kupita kukanyamula mwana amene anali atayamba kulira.

Sabata yomweyo intaneti inadwala. Pa timizere tinayi tija panatsala kamodzi, nakonso kophethira, kubwera n'kumapita. A Wilbert, pokhala munthu wa m'munda, nkhaniyi anaimvetsa mwa madzi. Wayifayi imachokera kwa Sefu ngati madzi mupaipi, apongozi akhala kumtunda ndi chifoni chawo chachikulu chija, ndiye amayamba amwa iwo, zotsala n'zimene zimadonthera kumunsi. Ndipo kwa iwo zinali zoyenera ndithu, wamkulu ndiye amayamba kumwa. Anadzitonthoza kuti mlendo ndi mame, n'kumadikira mphindi khumi kuti tsamba limodzi litseguke.

Patapita milungu itatu, Lolemba madzulo, uthenga unadontha. Unachokera kwa mphunzitsi wina wa pasukulu ya pulayimale kufupi ndi Linthipe. Anati m'mudzi wa Kaphande muli gogo wina, a Ndaziona, amene mlongo wawo Dafuleni anapita ku Halale iwo ali mtsikana. Gogoyo nkhaniyi waimva koma sakuikhulupirira, akuti onama achuluka masiku ano, ofuna minda ya eni. Akuti dzina aliyense akhoza kulitola panjira, koma nkhope sitoledwa. Choncho Lamlungu likudzali, 2 koloko masana, mphunzitsiyo adzawanyamula pa njinga mpaka pa Linthipe pamene netiweki imagwira, adzatsegula laputopu yake, ndipo adzaonana pa vidiyo. Anamaliza ndi chenjezo: gogo akuti mafupa awo si a njinga, ulendowu adzauyenda kamodzi kokha.

A Wilbert anawerenga uthengawo katatu, misozi ikugwera pa mabatani. Zaka 46 ali padziko, ndipo aka kanali koyamba kumva kuti kuli munthu amene angawayang'ane n'kunena kuti uyu ndi wathu. Kenako anayang'ana kamzere kamodzi kaja kakuphethira pakona.

Lachiwiri m'mawa, asanakwere takisi, anali pa kontena. Sefu sachoka m'kontena mwake, akuti ku Tembisa ukatembenuka kamodzi umapeza mafoni atatu amera miyendo, choncho matenda onse a makina amawachiza kudzera pa zitsulo za pazenera. M'bwalo la kuseri kwake anali asanapondemo chaka chimenecho.

"Eish, a Kwenda, vidiyo pa kamzere kamodzi? Neva. Mwasinthapo chiyani pa kompyuta?"

"Palibe."

Ndipo sananame, pa kompyuta sanasinthepo kanthu. Za malata sizinawabwerere n'komwe m'mutu, ndipo zikanawabwerera sakananena, chifukwa nkhani ya apongozi sikambidwa pamsewu.

"Shapu. Mukaizimitse, muwerenge mpaka thate, muyatsenso. Ine ndizimitsa rauta kuno."

Anazimitsa, anawerenga mpaka handiredi kuti mankhwala agwire bwino, anayatsa. Kamzere kamodzi. Sefu anati mwina ndi fumbi. A Wilbert anamasula chibokosicho n'kuchipopa ndi pampu ya njinga. Munatuluka fumbi la ku Bedfordview la zaka khumi, batani la malaya a mzungu, ndi banja lonse la mphemvu, limene linasamukira m'kabati ya Colleta tsiku lomwelo. Kompyuta inasiya kulira ngati chigayo n'kuyamba kung'ung'udza chapansipansi, koma kamzere sikanasinthe maganizo.

Lachitatu Sefu anati eriyo ya m'kati yakalamba. Anawapatsa kachipangizo kofanana ndi chala, kobaya kumbuyo kwa kompyuta, pamodzi ndi chingwe chakuti kachipangizoko azitha kukasuntha kufunafuna pabwino. Kompyutayo inakana kukazindikira. Inati ikufuna kaye pulogalamu ina imene Sefu ankaitcha dalaivala, ndipo dalaivalayo amapezeka pa intaneti yomweyo imene kunalibe. Sefu anachita kumuika pa kafulashi. Pamenepo kachipangizo kanayaka kabuluu, a Wilbert anaomba m'manja, timizere tinakwera kufika pa tiwiri, tinaganiza bwino, n'kubwerera pa kamodzi.

Anayenda nako kachipangizoko chipinda chonse. Anakaika pamwamba pa kabati, pa msomali wa kalendala, mpaka pazenera penipeni, moyang'anizana ndi malata awo okongola aja. Kuntchito anathirira bedi limodzi la maluwa kawiri, linalo osalithirira, madamu mpaka anafunsa ngati kunyumba kwagwa maliro. Lachisanu, atamva kwa mlonda wina wa ku Bedfordview kuti sefa yachitsulo imakoka netiweki, anaboola sefa ya Colleta pakati n'kulowetsapo kachipangizoko. Colleta anaipeza sefa yake ili pazenera ngati dishi ya kanema, ndipo mawu amene ananena sitingawalembe m'nkhani ya anthu opemphera.

Tsono chopsetsa mtima n'chakuti yankho linali m'bwalo momwemo sabata yonseyo, litavala magalasi akuda. A Stella anali atazindikira kalekale. Pakhomo pawo foni inkadzaza timizere, ankaonera maulaliki ndi magule mpaka batire kutha, koma akangozungulira kuseri kwa malata kukatenga mdzukulu, foniyo inkangoti zii. Munthu amene watha zaka zonsezi mumsika wa malata amadziwa kuti ukafuna kuimba foni umayamba watuluka panja.

Anayesa kuwauza Lachitatu. Anawadikira pageti, ndipo a Wilbert atawaona anakwera takisi ya ku Midrand, kumene analibe nako chochita. Lachinayi anawadikira pampopi, a Wilbert anapita kuntchito osasamba. Ndiye anatuma Colleta.

"Amayi akuti muchotse malata. Akuti ndi amene akutseka netiweki."

A Wilbert anamwetulira, kumwetulira kwa munthu amene wautulukira msampha. Bambo awo anawachenjezapo kuti apongozi amayesa mkamwini, amati bwerani pafupi, khalani pampandopa, n'cholinga choti aone ngati analeredwa. Komanso chinthu chosaoneka ndi maso, chimene madamu amati chimadutsa makoma a nyumba yawo yonse ija, chingalephere bwanji lata lopyapyala ngati chikhadabo?

"Muwathokozere amayi. Muwauze kuti ndamva."

"Muchotsa?"

"Ndamva."

Loweruka anapita kwa Sefu ndi pempho limodzi lokha, lakuti mawa 2 koloko atsegule wayifayi kwambiri, kuti akuluakulu akamwa kumtunda, enafe kumunsi titsalirweko. Sefu anawayang'ana nthawi yaitali kudzera pa zitsulo zake.

"Madala, si mpopi umenewu, mukudziwa."

Lamlungu a Wilbert anatuluka m'tchalitchi ulaliki uli pakati, chinthu chimene anali asanachitepo. Anavala jekete ya paukwati ndi tayi, anadzola mafuta mpaka dazi lawo likuwala. Kakamera kobwereka kwa Sefu anakakhazika pamwamba pa sikirini, ndipo kompyuta anaiyatsa 12 koloko kuti idzuke bwino. Itatsala pang'ono kukwana 2, inalira. Anali mphunzitsi uja akuimba. A Wilbert anadina. Panaoneka chinthu chobiriwira, kaya mtengo kaya khoma, kunamveka mawu awiri odukaduka, kenako zii. Anaimbanso, inadukanso. Kachitatu kunangobwera mawu olemba: gogo atopa, akuti ndiwabwezere kwawo, nditha kuwagwira mphindi khumi zokha.

A Wilbert anakhala pabedi, manja pamutu.  Mudzi umene anaufunafuna moyo wawo wonse unali pa benchi pa Linthipe, ukumanga nsalu kuti uzipita.

Pamenepo pakhomo panada. A Stella anali atazungulira malata n'kudzaima pachitseko penipeni, mdzukulu ali m'manja. Chipindacho chili ndi khomo limodzi. A Wilbert anadzambatuka, anayang'ana zenera, anaona kuti mapewa sangakwane, ndiye anatembenukira kukhoma, mphuno pa kalendala.

A Stella anapumira m'mwamba. Anabwera ndi mawu ambiri amene anawasunga milungu yonseyi, koma anaona msana wa jekete uja ukunjenjemera, ndipo mtima unawagwa. Anayang'ana khanda lija.

"Danai, uwauze bambo ako kuti sindikuwayesa. Uwauze ayang'ane foni iyi, ine asandiyang'ane." Anatambasulira dzanja cham'mbali mpaka foni itafika pakona ya diso la a Wilbert. "Kamzere kamodzi, si choncho? Tsono iwe Colleta, tenga, kwera pa ndowa, uikweze pamwamba pa lata."

Colleta anatenga foni, anakwera pa ndowa, ndipo mawu ake anamveka kuchokera panja. "Tinayi, amayi. Tadzaza."



"Danai," anatero a Wilbert akuuza kalendala, "uwauze agogo ako kuti bambo ako ndi chitsiru."

"Danai, uwauze kuti zimenezo tikhala pansi tikambirane bwino. Panopa agwetse mpanda."

Anatuluka cham'mbali ngati nkhanu, anagwira lata, anakoka. Lata silinasunthe. Anakankha ndi phewa, anamenya ndi phazi, anaitana dzina la Mulungu. Simenti inali itagwira ndendende monga mmene eni ake anaifunira. Zinali zitatsala mphindi zinayi.

Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. A Stella anapereka mwana kwa Colleta, anazula mutu wa mopu, anachotsa kachipangizo kaja mu sefa n'kukamangirira kundodo ndi mpango wawo. Chingwe anachitulutsira pazenera. Iwo anakaima panja, pakati pa zenera ndi malata, n'kukweza ndodo mpaka kachipangizo katasuzumira pamwamba pa mpanda. Chingwe chinathera pomwepo, sakanatha kusuntha ngakhale phazi limodzi. Pa sikirini timizere tinakwera, kachiwiri, kachitatu, kachinayi, ndipo kompyuta inalira.

Apa ndi pamene panabisala vuto lomaliza. Sikirini inali pazenera, kamera pamwamba pa sikirini, ndipo pamwamba pa kamera, chikhatho chimodzi chokha, panali nkhope ya apongozi. A Wilbert anakhala pampando, anadina, n'kuzyolika.

Pa sikirini panaoneka gogo wochepa thupi, wa duku lofiira ndi maso ochenjera, atasendeza nkhope pafupi mpaka mphuno kudzaza theka la chithunzi.

"Aphunzitsi, mwandiyendetsa ulendo wonsewu kudzaona dzira?" anatero a Ndaziona. "Ine ndikuona dazi lokha. Iwe, dzutsa mutu."

"Muli bwanji, azakhali," anatero a Wilbert akuuza mawondo awo.

"Usanditchule azakhali ndisanakuone. Dzutsa mutu."

Mutu sunadzuke. Colleta anasuzumira pa kamera n'kufotokoza mwamanyazi kuti kuseri kwa makinawa kwaima amayi ake, agwira eriyo, ndiye bambowa sangayang'ane kumeneko.

Ku Linthipe kunakhala chete, mpaka a Wilbert anaganiza kuti yadukanso. Kenako kunamveka kaphokoso ngati ketulo ikuyamba kuwira. Gogo anali kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, mphunzitsi akuwasisita kumsana.

"Akuthawa apongozi? Chaka chino?" anatero atapezako mpweya. "Mwana iwe, kodi bambo ako anakuuza mmene anachokera kuno?"

"Anati anapita kukafuna ntchito."

"Ntchito yanji? Dafuleni anakwatira kutsidya kwa mtsinje, anakhalako miyezi itatu yokha. Tsiku lina akuchokera kudimba anakumana ndi apongozi ake pakati pa mlatho wa mtengo umodzi, popanda popatukira. Anadumphira m'madzi, mtolo wa mpiru uli pamutu. Madzi anamulanda mpiru, anamulandanso kabudula, akazi onse ochapa akuona. Manyazi ake sanagone m'mudzi. Anapatuka panjira tsiku limenelo, ndipo ife mpaka lero tikudikira kuti apongozi adutse, iye abwerere."

Kuseka kunatha pang'onopang'ono. A Ndaziona anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Uchitsiru umenewu ndi wa kwathu ndithu, munthu sangachite kuba. Koma ine sindinakwere njinga kudzaona uchitsiru. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene ndinamuona komaliza mlongo wanga. Amayi anamwalira akuyang'ana kunjira. Ndionetse nkhope, mwanawe. Usachite zimene anachita iye."

A Wilbert anadzutsa mutu. Zinawatengera nthawi, ngati kompyuta yawo yomwe, koma unadzuka. Anaona nkhope ziwiri nthawi imodzi. M'munsi, gogo atagwira pakamwa, akunong'ona dzina la Dafuleni kawiri, katatu, chala chikusisita galasi la laputopu. Pamwamba, apongozi awo, magalasi akuda atagwera pakhosi, thukuta lili kamukamu, mkono wonyamula ndodo ukunjenjemera, misozi ikutsika popanda woipukuta chifukwa dzanja linalo linali litachirikiza chigongono.

"Ndiwe wathu," anatero a Ndaziona. "Makutu amenewo palibe angawafune dala. Ubwere mvula isanagwe, ubwere ndi kamwanako, ndidzakuonetse pamene agona agogo ako. Malo alipo."

Gogo amene anali atatopa uja anayankhula theka la ola. Anatchula akufa ndi amoyo, anafunsa mmene Dafuleni anamwalirira ndi amene anamuika, anadandaula za mphunzitsi kuti sadziwa kuzemba maenje. Colleta anapempha kawiri kuti asinthane ndi amayi ake pa ndodo, koma a Stella anakana, akuti akasuntha netiweki ithawa.

Zitatha, a Stella anatsitsa ndodo pang'onopang'ono, mkono utauma, n'kutsamira pazenera akupuma. A Wilbert anali akadali pampando. Anazindikira mochedwa kuti akuwayang'anabe kumaso, ndipo denga silinagwe.

"Tsono bambo a Danai," anatero a Stella, "tsiku lija ndinakufunsani funso, munandithawira kuchimbudzi. Kwanu n'kuti?"

A Wilbert anayang'ana khanda, mwa chizolowezi. Danai anali m'tulo, sakanatumika. Anakonza tayi, anaika manja awiri pamawondo, ndipo ulendo uno chifuwa sichinabwere.

"Kwa Kaphande, amayi," anatero. "Ku Dedza."